Mitsempha Yobisika M'ntchafu ndi Ngozi ya Ulendo Wautali

Anthu a kwa Zulu ku Mchinji amayenda maulendo ataliatali. Ena amadutsa pachipata cha Mwami kupita ku Chipata, n'kupitirira mpaka ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500. Ena amakwera basi ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, n'kukhala pampando usana ndi usiku. Ambiri sadziwa kuti kukhala malo amodzi chotere kungaike moyo pachiswe.

Mitsempha imene timaiona pakhungu imanyamula magazi ochepa chabe. Magazi ambiri a m'mwendo amabwerera kumtima kudzera m'mitsempha yobisika pakati pa minofu. Kuseri kwa bondo kuli mtsempha wotchedwa popliteal vein. Ukakwera m'ntchafu umatchedwa femoral vein. Chakumtunda umalandira deep femoral vein, wotenga magazi m'minofu ikuluikulu ya ntchafu, ndipo m'mphechepeche umalandiranso great saphenous vein, wochokera kuphazi. Kuchoka apo magazi amadutsa m'chiuno kupita kumtima.

Nanga magazi amakwera bwanji chitunda chimenechi? M'mitsemphamu muli tizitseko totsegukira kumtunda kokha. Munthu akamayenda, minofu ya katumba imafinya mitsempha, magazi n'kukankhidwira mmwamba, ndipo tizitsekoto timawaletsa kubwerera. Mu 1628, dokotala wa ku England, William Harvey, anagwiritsa ntchito tizitseko totere posonyeza kuti magazi amazungulira m'thupi.

Miyendo ikangokhala osagwedezeka, magazi amayenda mwaulesi ndipo angathe kuundana. Chibuluma cha magazi chikathothoka m'ntchafu chimadutsa mumtima n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Zikatero munthu angathe kufa mwadzidzidzi. Amene ali pangozi kwambiri ndi amayi oyembekezera kapena amene angochira kumene, odwala ogonera pabedi, ochitidwa opaleshoni, ndi osuta fodya.

Zizindikiro zake ndi kutupa kwa mwendo umodzi, kupweteka ndi kutentha. Musasisite kapena kutema mphini, chifukwa kusisita kungathothole chibulumacho. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, monga chachikulu cha boma ku Mchinji. Pali mankhwala oletsa magazi kuundana. Kupuma mobanika kapena kupweteka pachifuwa kukayamba, musadikire kuti kuche.

Paulendo, tsikani basi ikaima, muongole miyendo. Mukakhala pampando, gwedezani akakolo pafupipafupi, ndipo imwani madzi okwanira.