Mlatho Ukakokoloka: Ntchito ya Mainjiniya a Chisilikali ndi Gawo la Anthu a M'mawodi

Mvula ikagwa usiku wonse pa phiri la Dedza ndi m'zitunda za ku Bembeke, madzi ake sachedwa kufika kumunsi. Mitsinje monga Linthipe, Nadzipulu ndi Namikokwe imadzaza m'maola ochepa, ndipo timakhwawa tomwe ana amadumpha m'chilimwe timasanduka malire osawolokeka. Mlatho ukapita ndi madzi, mbatatesi zimaolera m'matumba zisanafike pa msika, ana amajomba kusukulu, ndipo mayi woyembekezera amayamba ulendo wa kuchipatala pa machira. Pa nthawi yotere anthu amafunsa kuti, kodi asilikali sangabwere kudzakonza? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake limafuna kudziwa kaye ntchito ya mainjiniya a chisilikali.

M'gulu lankhondo la Malawi Defence Force muli nthambi ya mainjiniya yotchedwa Engineers Battalion, yomwe likulu lake lili ku Kasungu. Awa ndi asilikali monga ena onse, koma anaphunziranso umisiri wolambula misewu, kumanga milatho ndi nyumba, kuyeza malo ndi kuyendetsa makina akuluakulu okumbira ndi kusalaza nthaka. Ku nkhondo ntchito yawo imagawika patatu: kutsegulira anzawo njira, kutsekera adani njira, ndi kumanga malo otetezeka okhala ndi madzi akumwa. Luso lomwelo ndi limene limafunika dziko likagweredwa ngozi. N'chifukwa chake Malamulo Oyendetsera Dziko, pa ndime 160, amati imodzi mwa ntchito za asilikali ndi kuthandiza akuluakulu a boma ndi ukatswiri komanso zipangizo kuti ntchito zofunika pa moyo wa anthu zisaime pa nthawi ya ngozi.

Dziko linaona kufunika kwa ndimeyi m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, n'kupha anthu oposa 600. Asilikali anafukula anthu m'matope, anawolotsa ena pa maboti, ndipo anafikitsa chakudya kumadera kumene misewu inali itaduka. Mayiko a Tanzania ndi Zambia anatumizanso ndege zothandizira ntchitoyi. Dedza sanakhudzidwe monga maboma a kumwera, koma ali ndi zonse zimene zinakulitsa ngoziyo: mapiri otsetsereka, mitengo yomwe ikutha, ndi midzi yokhala m'munsi mwa zitunda. Msewu wa Khwekhwelere, wotsikira ku Golomoti, ndi chitsanzo cha njira imene kugumuka kwa nthaka pa malo amodzi okha kungalekanitse anthu a kumtunda ndi a kunyanja.

Chida chodziwika kwambiri cha mainjiniyawa ndi mlatho wa zitsulo wotchedwa Bailey. Anaupanga Donald Bailey wa ku Britain pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo nzeru yake inali yakuti mlatho uzibwera m'zidutswa zimene anthu anganyamule ndi manja. Chidutswa chilichonse cha m'mbali ndi chotalika mamita atatu, ndipo chimalemera pafupifupi makilogalamu 260, katundu wa amuna asanu ndi mmodzi. Asilikali amalumikiza zidutswazi ndi zikhomo zachitsulo pa gombe limodzi la mtsinje, kenaka n'kukankha mlathowo pa mateyala achitsulo mpaka mphuno yake itagwira tsidya lina. Sipafunika makina onyamulira, ndiponso sipafunika kudikira kuti madzi aphwe. Ngati pazidutsa galimoto zolemera, amaphatikiza zidutswa ziwiri kapena zitatu m'mbali, kapenanso kuzisanjikiza. Mlatho wotere ungathe kudumpha mtsinje wa mamita pafupifupi 60 popanda mzati pakati.

Komabe mlatho wa Bailey ndi wongoyembekezera. Umaikidwa m'masiku ochepa kuti moyo upitirire pamene boma likufunafuna ndalama za mlatho wa konkire. Uli ndi malire a kulemera kwa katundu, ndipo chikwangwani cholembedwa matani sichiikidwa pokongoletsa. Lole yodzaza mbatatesi kapena matabwa ikapitirira malirewo, imapinda zitsulo zimene zikanatumikira dera lonse kwa zaka. Choopsa china ndi kuba. Munthu wozula bawuti kapena chikhomo chimodzi kuti akagulitse kwa ogula zitsulo zakutha amafooketsa mlatho wonse, ndipo amene angagwere mu mtsinje akhoza kukhala mbale wake yemwe.

Mainjiniya a chisilikali alinso ndi ntchito ina imene imakhudza boma la m'malire ngati lino, yomwe ndi kufufuza ndi kuphulitsa mabomba otsalira. Nkhondo ya ku Mozambique inatha m'chaka cha 1992, ndipo dzikolo linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika. Ngakhale zili choncho, wolima m'mphepete mwa malire akafukula chitsulo chachilendo asachigwire, asachimenye ndi khasu, ndiponso asapite nacho kunyumba. Aike chizindikiro patali, achenjeze ana, ndipo adziwitse mfumu ndi apolisi.

Nanga thandizo la asilikali limabwera bwanji? Khonsolo ilibe mphamvu zolamula asilikali. Uthenga umayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi komiti yoona za ngozi, n'kupita kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya dera, kenaka ku ofesi ya Bwanamkubwa. Kuchoka apo umapita ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, yomwe imalumikizana ndi asilikali ngati vutolo laposa mphamvu za khonsolo. Misewu ikuluikulu monga M1 ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority. Lipoti lothandiza limatchula dzina la mtsinje, kukula kwa malo amene aduka, midzi, sukulu ndi zipatala zimene zatsekeredwa, komanso ngati pali njira ina yolambalala. Mainjiniya amasankha zida zonyamula potengera mfundo zimenezi, ndipo pamene madera ambiri akulira nthawi imodzi, lipoti lomveka bwino ndi limene limafulumiza chiganizo.

Poyang'ana kutsogolo, ntchitoyi idzafuna zipangizo zamakono. Choyamba ndi tindege topanda woyendetsa, tomwe tingajambule malo ogumuka munthu asanapondeko. Malawi ali kale ndi poyambira, chifukwa mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera tindegeti ku Kasungu. Chachiwiri ndi mapu a pa kompyuta osonyeza mlatho ndi kalavati iliyonse, zaka zake ndi kulemera kumene ingapirire. Chachitatu ndi zidutswa za milatho zosungidwa m'zigawo zonse zitatu, kuti zisamachoke kutali misewu itaduka kale. Pafunikanso makina oyeretsera madzi onyamulika pa galimoto, popeza kolera amatsata madzi osefukira. Pamwamba pa zonsezi pali anthu: achinyamata okhoza masamu ndi sayansi, amene angaphunzire kugwiritsa ntchito ndi kukonza zipangizozi.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene mtsinje unadula msewu chaka chatha ndi pomwe udzayesenso chaka chino, ndipo palibe amene amadziwa malowo kuposa anthu okhala pafupi. Mvula isanayambe, makomiti a m'midzi akupemphedwa kuyendera milatho ndi makalavati a m'dera lawo, kuchotsa zinyalala ndi mchenga zimene zatseka njira ya madzi, kusiya kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndi kupereka kwa khansala wawo mndandanda wa malo amene ayamba kung'aluka. Mndandandawu ukafika ku khonsolo nthawi ikadalipo, malo ambiri angakonzedwe ndi makasu ndi matumba ochepa a simenti, ndipo mainjiniya a chisilikali angasungidwire ngozi zimene manja a mudzi sangazithe.