Kamwala kowala pagombe: chuma kapena galasi?

Mvula ikagwa usiku wonse ku Nkhotakota, mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa imatsika ndi matope, mchenga ndi timiyala kuchokera kumapiri n'kudzazitula kunyanja. Kukacha, ana amatola timiyala towala n'kumachitira masewera a phada, pomwe akuluakulu ena amatibisa m'thumba poganiza kuti umphawi watha.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti watola chuma kapena galasi la botolo losweka?

Kumaiko monga America ndi Australia, kutola miyala ndi chizolowezi chongosangalatsa mtima, ngati mmene ena amakondera bawo. Munthu amatola mwala, kukauyezetsa, kenako n'kupereka kwa mmisiri kuti auseme ukhale wa pamphete. Kuno kwathu ambiri amathamangira kugulitsa asanadziwe n'komwe dzina la mwalawo, ndipo mavenda ndiwo amadyerapo.

Sikuti miyala yamtengo wapatali kulibe m'dziko muno. Ku Mzimba kumapezeka aquamarine ndi rose quartz, paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pali ruby ndi sapphire, pomwe kwa Ngabu ku Chikwawa kuli agate. Koma m'mphepete mwa nyanja, mwala womwe munthu amakumana nawo kwambiri ndi quartz, womwe ndi wokongola koma wotsika mtengo. Mchenga wofiirira womwe mafunde amayala pagombe kawirikawiri umakhala timibulu ta garnet tating'ono kwambiri kosatheka kusema, ndipo mu wakuda uja mumakhala tizitsulo tina tomwe timakakamira ku maginito.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri amayeza kulimba kwa miyala pa sikelo ya Mohs yoyambira 1 kulekezera 10. Galasi lili cha pa 5.5, quartz pa 7, aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, ruby pa 9 ndipo dayamondi pa 10. Choncho mwala womwe ukulephera kukanda botolo si quartz, ruby kapena dayamondi ayi. Komanso mukaona timathovu tozungulira mkati mwake, dziwani kuti mwina ndi galasi.

Chonde musaumenye ndi hamala pofuna kuuyesa. Ngakhale dayamondi weniweni amasweka akamenyedwa, ndipo mwala wang'alu mmisiri amaukana. Wofuna mayankho enieni apite nawo ku nthambi yaboma yofufuza za miyala ya Geological Survey yomwe likulu lake lili ku Zomba.

Kusemetsa nako kuli ndi zake. Miyalayi imayezedwa m'makarati, ndipo makarati 5 ndiwo galamu imodzi. Posema, nthawi zambiri gawo loposa theka la mwala limathera m'fumbi, kotero musadabwe kamwala kanu kakabwerako katachepa. Chofunika n'kukayeza pasikelo ndi kukajambula musanakasiye, komanso kugwirizana mtengo wa ntchitoyo poyamba.

Tsono samalani ndi lamulo. Miyala yonse ya m'nthaka ndi chuma cha dziko, ndipo lamulo la migodi la 2023 limafuna chiphaso kwa aliyense wokumba kapena kuchita malonda a miyala yamtengo wapatali. Mu Okutobala 2025, Pulezidenti Peter Mutharika adaletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa.

Chinanso, mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015. Kulowamo popanda chilolezo kukasaka miyala ndi mlandu, osanenanso za njovu ndi ng'ona.

Ndiye mukatola kamwala kowala pagombe, musafulumire kugulitsa ukonde kapena bwato n'kuyamba kukumba maenje. Kasungeni, kayezetseni. Kakapezeka kuti ndi quartz wamba, sikadatayike: kosemedwa bwino, kangakongoletsebe khosi la mayi a kunyumba.