Galimoto Ikamalira Gobedegobede Pansi

Kodi munakwerapo galimoto yolira gobedegobede pansi pake? Dalaivala akailiza, phokoso. Akaponda mafuta ponyamuka, phokoso. Liŵiro likakwera phokoso lija limachepa, ndiye iye amati, "Zazing'ono izi, tiyeni tizipita."

Kaŵirikaŵiri phokoso lotere limachokera ku paipi ya utsi, imene ambirife timaitcha ekizozi. Nkhani ino ikufotokozerani za kachigawo kamodzi ka ekizozi kamene kamavutavuta. Kaya muli ndi galimoto yanuyanu, kaya mumayendetsa ya abwana anu, kaya mumangokwera, ŵerengani mofatsa. Nkhaniyi ndi ya ndalama, komanso ndi ya moyo.

Kodi fulekisi n'chiyani?

Ekizozi ndi paipi yaitali yachitsulo. Imayambira ku injini n'kukathera kumbuyo kwa galimoto. Ntchito yake ndi kutaya utsi kutali ndi anthu okwera, ndiponso kuchepetsa kulira kwa injini.

M'magalimoto ambiri, chakufupi ndi injini, paipiyi ili ndi kachigawo kooneka ngati kolukidwa ndi mawaya. Pa Chingerezi amati flex pipe, kutanthauza paipi yopindika. Ife muno tizingoti fulekisi. Utali wake nthaŵi zambiri ndi masentimita 10 mpaka 25, ngati chikhatho chanu kapena kuposerapo pang'ono.

Fulekisi ili ndi mbali zitatu. Kunja kuli mawaya olukana aja, amene amaiteteza ku miyala. Pansi pa mawayawo pali paipi ya chitsulo chopyapyala, chokhala ndi makwinya ngati lata la padenga. Makwinyawo ndiwo amaichititsa kupindika. M'kati mwenimweni, mafulekisi ambiri ali ndi kachitsulo kena koyalidwa, koteteza makwinya aja ku utsi wotentha.

Nanga anaiikiranji?

Injini siikhala duu. Imakhala pa mphira zolimba, zimene amakaniko amazitcha mamaunting'i. Mukaponda mafuta, injini imapendekera mbali ina. Mukasiya mafuta, imabwerera. Izi zimachitika makamaka m'galimoto imene injini yake inagonekedwa chopingasa ndipo imakoka ndi matayala akutsogolo. Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi galimoto yotchedwa Mini, imene inatuluka ku Britain m'chaka cha 1959. Lero magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi otero.

Tsono taganizani. Injini ikugwedera, koma ekizozi inapachikidwa pansi pa galimoto. Pakati pa ziŵirizi payenera kukhala mfundo yopindika, monga bondo pa mwendo wanu. Bondo limenelo ndiye fulekisi.

Si galimoto iliyonse ili nayo. Volkswagen Golf, Polo ndi Toyota Camry zili nayo. Koma ma Toyota Corolla ambiri ali ndi mfundo ya mtundu wina, yomangidwa ndi mabawuti okhala ndi masipuling'i. Choncho yambani mwaona chimene chili pa galimoto yanu.

Chimaipha n'chiyani?

Choyamba ndi moto ndi madzi. Utsi wa pafupi ndi injini umatentha kupitirira madigiri 400, pamene madzi amaŵira pa madigiri 100 okha. Chitsulo chotentha chotero chikamathiridwa madzi ndi matope nthaŵi ya dzinja, m'mphepete mwake mumagwira dzimbiri.

Chachiŵiri ndi msewu. Galimoto ikagunda pansi pa hampu, pa mwala kapena m'dzenje, fulekisi imaphwanyika msanga chifukwa ndi yopyapyala.

Chachitatu, amene ali mdani wamkulu, ndi mamaunting'i otha. Mphira zija zikang'ambika, injini imavina mopitirira muyeso. Fulekisi imapindidwa uku ndi uku mpaka kuduka, monga umachitira waya mukamaupindapinda ndi manja. Zimateronso mphira zopachikira ekizozi zikaduka, pakuti kulemera konse kwa paipi kumatsamira pa fulekisi.

Choopsa si phokoso ai

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Mu utsi wa galimoto muli mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Ndi womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ukaloŵa m'mapapo, magazi amaugwira mwamphamvu, kuposa ka 200 m'mene amagwirira mpweya wabwino. Thupi limayamba kusoŵa mpweya munthu asakudziŵa.

Fulekisi imakhala kutsogolo, chakufupi ndi mapazi a dalaivala. Ikabooka, utsi umatulukira pomwepo. Ungathe kuloŵa m'galimoto kudzera m'mabowo a pansi ndi m'malo oloŵera mphepo, makamaka galimoto itaima injini ikulira. Zizindikiro zake ndi izi: mutu kuŵaŵa, chizungulire, nseru ndi tulo. Dalaivala wogwidwa tulo mukudziŵa kumene amathera. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo amapwetekeka msanga.

Mukamva zotere paulendo, tsegulani mawindo onse. Imani pambali, zimitsani injini, aliyense atuluke. Amene wafooka kapena wakomoka mupite naye kuchipatala msanga.

Palinso nkhani ya thumba. M'magalimoto a masiku ano muli kachipangizo kotchedwa sensa, koyeza utsi. Bowo likakhala patsogolo pa kachipangizoka, kamanamizidwa. Injini ingayambe kumwa mafuta ambiri, ndipo kanyali kochenjeza kangayake patsogolo pa dalaivala.

Pezani chimene chikulira

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Si phokoso lililonse la pansi limachokera ku fulekisi, ndiye musathamangire kudula. Koma musanayang'ane, sungani malamulo atatu aŵa. Dikirani ekizozi izizire, mwina ola lathunthu. Musaloŵe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha kapena yotsamira pa njerwa. Pitani pagalaja pamene pali dzenje kapena zoimikira zachitsulo. Musalize injini m'nyumba yotseka.

Tsopano chitani izi:

1. Menyani ekizozi pang'onopang'ono ndi chibakera, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mverani pamene pakulira.

2. Gwedezani timalata topyapyala timene tili pamwamba ndi m'mbali mwa ekizozi. Ntchito yake ndi kutchinga kutentha. Bawuti imodzi ikadyeka ndi dzimbiri, kalatako kamalira ngati chitini. Nthaŵi zambiri wolakwa amakhala ameneyu. Musakataye, kamangeninso.

3. Onani mphira zopachikira ekizozi. Ina ikaduka, paipi imamenya pansi pa galimoto.

4. Yang'anani fulekisi ndi tochi. Kodi mawaya amasuka kapena athothoka? Kodi pali mwaye wakuda? Mwaye ndi umboni woti utsi ukutuluka pamenepo.

5. Tulukani pansi, muimike galimoto panja. Ilizeni ikadali yozizira. Mnzanu atseke kukamwa kwa ekizozi ndi chisanza chokhuthala kwa kamphindi kochepa chabe. Inu gwadani pambali, mumvetsere. Mukamva kuti fyee kapena phaphapha chakutsogolo, pali bowo.

Ngati phokoso likumveka ngati timiyala m'chitini, ndipo likuchokera m'chibokosi chachitsulo chosefa utsi, vuto lili m'chibokosimo. Limenelo musiyireni makaniko.

Kukonza kwake

Mukapeza kuti ndi fulekisi, matenda ake amakhala amodzi mwa atatu.

Mwina mawaya akunja okha ndiwo amasuka, koma mwaye palibe ndipo utsi sukutuluka. Apa mungathe kudula mawaya olendeŵerawo, kapena kuwamanga ndi kilampu yachitsulo kumapeto kwa fulekisi. Valani magolovesi, pakuti mawayawo amabaya ngati singano. Phokoso lidzatha. Koma dziŵani kuti fulekisiyo yakalamba, ndipo yatsala yopanda chitetezo. Yambani kusunga ndalama ya ina.

Mwina kachitsulo ka m'kati kaja kathothoka. Kunja kumaoneka bwinobwino, koma mukaimenya imalira m'kati. Kachitsuloka kangapindike n'kutseka njira ya utsi. Zikatero galimoto imatha mphamvu, pachitunda imangolira osakwera. Apa palibe kuchitira mwina, ikani fulekisi yatsopano.

Mwina makwinya aja ang'ambika ndipo utsi ukutuluka. Apanso mankhwala ake ndi yatsopano basi. Ena amamata phala la ekizozi, ena amakulunga chitini ndi waya. Zimenezi zimagwira pa paipi youma, koma pa fulekisi sizikhalitsa chifukwa imapindika nthaŵi zonse. Kuotcherera pa makwinya nakonso n'kutaya nthaŵi. Chitsulocho n'chopyapyala, chimabooka ndi moto, ndipo chikalimba chimang'ambikanso pambali.

Bwanji osangoichotsa?

Wina adzakuuzani kuti, "Bwana, tingodulapo apa, tiikepo paipi wamba. N'zotchipa, ndipo siidzaliranso." Zoonadi, tsiku limenelo phokoso lidzatha. Koma kumbukirani bondo lija. Mwendo wopanda bondo ungayende bwanji?

Injini idzapitirira kugwedera. Popeza palibe popindika, mphamvu yonse idzapita ku zitsulo zina. Paipi idzang'ambika pamene anaotcherera. Mabawuti a ku injini angaduke. Chitsulo chosonkhanitsa utsi pa injini, chotchedwa manifodi, chingasweke, ndipo mtengo wake ndi woposa wa fulekisi kutalitali. Kunjenjemera kwa injini mudzakumva m'mipando. Bowo latsopano likabooka, utsi wakupha uja udzabweranso. Mwapulumutsa ndalama pang'ono lero kuti mudzalipire zambiri maŵa.

Poika yatsopano

Safunsa anadya phula. Galimoto ndi yanu, ndiye musachite manyazi kufunsa ndi kuyang'anira ntchito.

Musanagule, yezani yakale: utali wake ndi kukula kwa kamwa lake. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna ya mamilimita 45, 50 kapena 55. Yatsopano ifanane ndi yakale. Yaifupi kwambiri siipindika mokwanira. Suzumirani m'kati, musankhe yokhala ndi kachitsulo koyalidwa kaja.

Pali mafulekisi omanga ndi makilampu, ndipo pali ootcherera. Magalimoto ena amafuna kusintha paipi yonse yakutsogolo, imene imamangidwa ndi mabawuti. Ngati n'kuotcherera, onetsetsani izi. Achotse waya wa ku batire asanayambe, kuti magetsi asaononge kompyuta ya galimoto. Atchinge mapaipi a mafuta ndi mawaya a sensa kuti moto usafikeko. Ngati kungatheke, amasule paipiyo akaotcherere pabwalo. Aotcherere m'mphepete mokhamokha, kuzungulira konse, osati pa mawaya. Fulekisi ikhale yoongoka, yosakokedwa, yosafinyidwa ndiponso yosapotoka.

Pomaliza, musachoke pagalaja musanafunse funso ili: "Kodi yakale ija inafa ndi chiyani?" Makaniko aone mamaunting'i. Atsegule boneti, munthu wina aponde buleki n'kuloŵetsa giya yakutsogolo, kenaka yakumbuyo. Inu imani pambali, osati kutsogolo. Injini ikamadumpha, mamaunting'i atha. Mukapanda kuwasintha, fulekisi yatsopanoyo siikhalitsa, ndipo mudzagulanso ina. Sinthaninso mphira zopachikira zimene zang'ambika. Zimenezi n'zotsika mtengo.

Ntchito ikatha, yesaninso ndi chisanza chija. Ngati palibe pamene pakutuluka utsi, ntchito yagwirika.

Kumbukirani

Pa hampu ndi m'maenje yendani pang'onopang'ono. Musanyamule katundu woposa muyeso, chifukwa galimoto imatsika n'kumakhula pansi. Nthaŵi iliyonse mukamasintha oilo, pemphani makaniko ayang'anenso ekizozi. Ndipo inu okwera, mukamva fungo la utsi m'galimoto, musakhale chete. Tsegulani windo, muuze dalaivala. Mwina iye wazoloŵera fungolo ndipo sakulimvanso.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Kodi ntchito ya fulekisi n'chiyani?

2. Tchulani zizindikiro zinayi zosonyeza kuti munthu wapuma utsi wakupha.

3. Chifukwa chiyani si bwino kuika paipi wamba m'malo mwa fulekisi?

4. Kodi makaniko ayenera kuonanso chiyani akaika fulekisi yatsopano?