Usipa wa pa Mitundu ndi mapangano a kunyanja

Usodzi wa m'Malawi uli m'manja mwa magulu angapo amene palibe ndi limodzi lomwe lingauyendetse palokha: boma kudzera ku nthambi yoona za nsomba, mafumu a m'mbali mwa nyanja, asodzi eniake, masukulu a ukachenjede, ndi mabungwe obwera ndi ndalama zakunja. Zomwe maguluwa amapangana ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay zimamveka kutali ndi gombe. Ku Malingunde, Mitundu ndi Nathenje, kumwera kwa boma la Lilongwe, ndiwo yankhuli imene banja wamba limaikwanitsa kawirikawiri ndi usipa, bonya, utaka kapena matemba. Nyanja ikavuta, wogulitsa pa msika wa Mitundu sathamangira kukweza mtengo. Amangochotsako tinsomba tingapo pa mulu uliwonse, ndipo mayi wogula amazindikira kunyumba, poona kuti ndiwo sizinakwanire ana.

Kale boma linkayang'anira nyanja lokha. Malamulo ankachokera ku likulu, ndipo alangizi ndi apolisi ankapita kukalanda makoka osaloledwa. Njirayi inakanika pamene asodzi anachuluka, makoka natalika, maso a maukonde nachepa. Akatswiri amawerengera kuti m'zaka za m'ma 1970 munthu mmodzi m'Malawi ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pa chaka, koma pofika m'ma 2000 chiwerengerocho chinali chitatsika kupitirira theka. Pa nyanja ya Malombe ndi pamene vutoli linaonekera poyera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chambo chogwidwa pa Malombe chinkafika matani pafupifupi 8,000 pa chaka. Patangotha zaka khumi sichinkafika ngakhale matani 1,000. Khoka la nkacha, limene limakokolola pansi pa madzi, linawononga udzu ndi maenje amene chambo chimaswanirana, ndipo m'nyanjamo munatsala kambuzi.

Mu 1993 boma linayamba kugawana ntchitoyi ndi anthu a pa Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, la UNDP ndi ena. M'midzi ya m'madoko munakhazikitsidwa makomiti amene mpaka lero amadziwika kuti ma BVC. Ntchito yawo inali kulemba asodzi ndi zida zawo, kuona kuti maso a nkacha sakuchepera mamilimita 19, kuletsa kugwira kasawala, amene ndi ana a chambo, komanso kulondera nyanja m'miyezi yotseka. Lamulo la za usodzi la 1997 linapatsa makomiti otere malo m'malamulo a dziko.

Chambo cha pa Malombe sichinabwerere mwakale, ndipo zifukwa zake zinalembedwa ndi ofufuza ambiri. M'makomiti ena munadzaza anthu osakhala asodzi, pamene eni makoka ndi anyamata okoka khoka anali panja. Kwina komiti inkalimbana ndi nyakwawa, chifukwa mfumuyo inazolowera kulandira nsomba kwa asodzi obwera, ndiye sikanawathamangitsa. Ndalama za misonkho ya ziphaso zinkapita ku boma, komiti nkutsala yopanda mafuta a boti. Ndipo pamene anthu anazolowera kuti msonkhano uliwonse uli ndi alawansi, pulojekiti itatha misonkhano nayo inazilala. Pa nyanja ya Chiuta, imene Malawi amagawana ndi Mozambique, zinayenda mosiyana. Kumeneko asodzi eniake ndi amene anadzuka cha m'ma 1995 kuthamangitsa a nkacha, boma nkubwera pambuyo kudzavomereza.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri ndi chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu ya deralo, imene pano ili pa mpando wa Makanjira, imatseka usodzi pa chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira cha mu December mpaka April. Nthawiyo ikakwana aliyense amachoka, ndipo utaka umaswana mosasokonezedwa. Nyengo yotsegula ili ndi malamulo akeake: mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa, amayi safika pa chilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kupitikitsidwa. Pa mwambo wotsegulira pamafika akuluakulu a boma ndi a mabungwe, koma amafika ngati alendo. Lamulo la pa Mbenji linayamba kusanabwere pulojekiti iliyonse, n'chifukwa chake silidikira kuti wina atumize ndalama. Loletsa amayi lija lili ndi otsutsa ake, poti amayi ndiwo ambiri pa ntchito yofutsa, kuyanika ndi kugulitsa nsomba, ndipo amadikira kumtunda kuti agule kwa amene awoloka.

Mabungwe amene anabwera pambuyo anaphunzirapo kanthu. Ripple Africa inayamba ntchito yoteteza nsomba ku Nkhata Bay mu 2012 ndipo inafalikira ku Nkhotakota, Salima ndi maboma ena, podalira makomiti odzipereka ndi malamulo ang'onoang'ono ovomerezedwa ndi khonsolo ya boma. Dziko la America, kudzera ku USAID ndi bungwe la Pact, linathandiza pulojekiti ya FISH kuyambira 2014 mpaka 2019, kenako ya REFRESH. Zambiri mwa ntchitozi zimazungulira pa zinthu zochepa zomwezo: kupatula malo oswanirana nsomba kumene khoka silifika, kulemekeza miyezi ya November ndi December pamene makoka a chambo amaletsedwa pa nyanja ya Malawi, ndi kulanda maukonde a udzudzu amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo koma akusefa bonya. Palinso mbali ya kasungidwe. Usipa woyanika pamchenga kapena pa thandala nthawi ya mvula umaola wambiri usanafike ku msika, ndiye ofufuza anayesa timanyumba ta pulasitiki toyanikiramo ndi dzuwa komanso mauvuni osadya nkhuni zambiri. Nsomba yopulumuka motere ndi ndiwo yoonjezera popanda kuponyanso khoka.

Kumtunda kuli gawo lake pa mgwirizanowu, ndipo likulu lake lili pafupi ndi Mitundu. Ku Bunda, sukulu imene tsopano ili pansi pa LUANAR, kuli nthambi yophunzitsa za ulimi wa nsomba ndi usodzi, imene inakula mothandizidwa ndi mayiko a Iceland ndi Japan. Mu 2016 World Bank inasankha sukuluyi kukhala malo otsogola pa maphunziro a nsomba, otchedwa AquaFish, ndipo kumabwera ophunzira ochokera m'mayiko ena a mu Africa. Pamodzi ndi malo a boma a ku Domasi ndi bungwe la WorldFish, Bunda amafufuza za mbewu ya nsomba ndi chakudya chake. Nsomba zowetedwa m'Malawi ndi makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba.

Dziwe la nsomba limakumbidwa pa dothi logwira madzi, nthawi zambiri m'mphepete mwa dambo pafupi ndi dimba, lakuya cha m'chiuno mbali imodzi ndi kuzamirako pang'ono mbali ina. Mlimi amathiramo manyowa a nkhuku kapena a mbuzi kufikira madzi atabiriwira, chifukwa kubiriwirako ndiye chakudya cha makumba. Muyeso wake ndi mkono: akaviika mpaka m'chigongono chikhatho n'kumaonekabe bwino, manyowa achepa. M'mawa ndi madzulo amamwaza madeya, ndipo chilunguni chimalandiranso masamba a mbatata ndi a chinangwa. Pakatha miyezi 6 kapena kuposerapo amakolola, ndipo matope a pansi pa dziwe amapita ku dimba. Mavuto ake ndi odziwika kwa aliyense amene anayesapo. M'chigwa cha Lilongwe kumazizira mu June ndi July, nsomba n'kuleka kudya. Madambo ambiri amaphwa isanafike October. Katumbu, ng'azi, mbalame ndi anthu a usiku amagawana ndi mwini wake. Mbewu yopemphana pakati pa alimi imaswanirana pachibale mpaka nsomba kumakhwimira zili zazing'ono, pamene chakudya chabwino choyandama, chimene chambiri chimachokera ku Zambia, n'chodula. Pa zifukwa zotere ulimi wa nsomba ukupereka kagawo kochepa chabe, kosafika limodzi mwa magawo khumi, ka nsomba zonse za m'dziko muno. Maiwe ambiri okumbidwa ndi magulu chifukwa choti kwabwera pulojekiti amasanduka mabango bungwe likapita, monga anachitira makomiti ena a pa Malombe. Amene amakhalitsa kawirikawiri ndi a mlimi amene ali ndi dimba ndi ziweto pomwepo, ndiponso msika wapafupi ngati wa Mitundu kapena wa Nathenje, umene uli pa msewu wa M1.

Madzi nawo amalumikiza Malingunde ndi nyanja. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu pa Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, amene Lilongwe Water Board imatungamo madzi a mumzinda. Ukadutsa mumzindamo umakathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima. Makala owotchedwa ku Dzalanyama ndi minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje zimatumiza dothi limene limayamba kukwirira madamu, lotsala n'kutsetsereka. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje monga Linthipe ndi Bua nthawi ya mvula kukaikira mazira pa timiyala ta pansi, ndipo timiyalato tikakwiririka ndi matope mazira amafa. N'chifukwa chake pulojekiti ya boma yothandizidwa ndi African Development Bank inaphatikiza usodzi, ulimi wa nsomba ndi kusamala magwero a madzi m'ndondomeko imodzi.

Njira yomweyo imene dothi limadutsa ingadutsenso nsomba yachilendo kapena matenda. Boma limaletsa kuweta nsomba zochokera kunja, monga tilapia ya ku Nile, m'dera lonse limene madzi ake amathira m'nyanja ya Malawi, ngakhale alimi ena amadandaula kuti imakula msanga kuposa makumba. Dziwe limodzi la ku Malingunde likaphulika ndi mvula, zimene zinali m'menemo zimalowa mu mtsinje wa Lilongwe, ndipo nsomba yachilendo ikafika kunyanja ingathe kuswana ndi chambo n'kusokoneza mtundu wake. Mu 2020 matenda a zilonda pa nsomba, otchedwa EUS, anapezeka ku Mchinji n'kufalikira m'mitsinje ndi m'maiwe a chigawo chapakati, ndipo boma linaletsa kwa kanthawi kusodza ndi kunyamula nsomba m'madera okhudzidwa. Kuchokera nthawiyo alangizi amauza alimi kuti asabwerekane makoka asanawaumitse padzuwa, asatenge mbewu mumtsinje, ndipo akaona nsomba ya zilonda zofiira m'dziwe akanene msanga ku ofesi ya za nsomba kapena ya zaulimi.