Kodi mumadziwa? Utsi wa galimoto umalemera kuposa mafuta ake

Lita imodzi ya petulo sikwana n'komwe kilogalamu imodzi pa sikelo, koma ikapsa mu injini imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, umene ukuthandiza kutenthetsa dziko. Lita ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Kulemera kowonjezerako kumachokera ku okosijeni amene injini imakoka powotcha mafutawo.

Komatu musafulumire kunyoza dizilo. Lita yake ili ndi mphamvu zambiri, n'chifukwa chake lole yonyamula mbatatesi ku Tsangano kapena fodya ku Furancungo, m'boma la Macanga m'chigawo cha Tete, imafika patali ndi mafuta ochepa kusiyana ndi mmene ikanachitira ndi petulo. Choipa chake ndi mwaye wakuda uja umene umatsamwitsa aliyense wotsatira lole yakale pachitunda, ndipo umakakhazikika m'mapapo.

Mapiri akumeneko nawonso amadya ndalama. Kumtunda mpweya umapepuka, moti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse imene yakwera. Mukawonjezapo matope a dzinja, matayala ophwa ndi matumba osanjikiza mpaka padenga, dalaivala amangokhalira giya yaing'ono, thanki n'kumaphwa.

Nanga galimoto yamagetsi? Iyo siwotcha mafuta, koma nkhani yagona pa kumene magetsi ake achokera. Damu la Cahora Bassa, lomwe lili m'chigawo chomwechi cha Tete, limatha kupanga mamegawati 2,075 popanda kuwotcha mafuta, ngakhale kuti magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa.