Mkodzo wa wodwala ukachepa, musadikire kuti kuche

Inu a ku Mandimba, Ngauma, Cuamba ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, tiyeni tikambirane za matenda amene madokotala amawatcha sepsis.

Kodi amayamba bwanji?

Tizilombo timalowa m'thupi kudzera pa bala, monga la mbedza, la munga wa mlamba kapena la bango. Matendawa angayambenso mayi akabereka kapena akapita padera, ngakhalenso pa chibayo. Asilikali a m'thupi amadzuka kuti amenyane ndi tiziromboto, koma nthawi zina nkhondoyi imapyola muyezo n'kuyamba kuwononga thupi lomwelo. Mitsempha imachucha madzi ndipo magazi amayenda mofooka. Bungwe la WHO limati m'chaka cha 2017 anthu pafupifupi 11 miliyoni anamwalira ndi sepsis padziko lonse.

Magazi ndi impso

Mukadzicheka, magazi amaundana kuti bala litseke. Pa sepsis amaundana m'kati mwa timitsempha n'kutseka njira yopita ku ziwalo. Zoundanitsa magazizo zikatha, wodwala amayamba kutuluka magazi m'nkhama kapena pamene wabayidwa jakisoni. Impso, zimene zimasefa magazi, zimafooka msanga. Mkodzo umachepa ndipo zoipa zimachuluka m'magazi.

Makina osefa magazi

Impso zikaleka kugwira ntchito, madokotala amagwiritsa ntchito makina a dialysis. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi, amasefedwa, kenaka amabwerera. Vuto ndi loti magazi a wodwala sepsis amatha kuundana mu sefa ya makinawo. Madokotala amapereka mankhwala monga heparin kuti asaundane, koma akachuluka wodwala amataya magazi. Makinawa sapha tizilombo, amangopumitsa impso pamene mankhwala akugwira ntchito. Amapezeka ku zipatala zazikulu monga za ku Nampula ndi Maputo, kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa ife konseku n'kutali.

Inu muchite chiyani?

Thamangani naye ku chipatala mukaona izi:
- kutentha thupi kapena kuzizidwa kwambiri
- kupuma mofulumira
- kubwebweta kapena kugona kosadzuka bwino
- kusakodza tsiku lonse

Akafika msanga, jakisoni wopha tizilombo ndi madzi a dripi angapulumutse impso zake. Tsukani bala lililonse ndi madzi aukhondo ndi sopo, ndipo amayi azikachirira ku chipatala.