Kuchiza ndi okosijeni wopanikizidwa

Wodwala amagona m'kachipinda kotsekeka ndithu, momwe mpweya umapanikizidwa kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa wa panja, n'kumapuma okosijeni yekhayekha kwa maola pafupifupi awiri. Makutu amatseka ngati ndege ikamatera, ndiye amameza malovu kuti atseguke. Okosijeniyo amasungunuka m'madzi a m'magazi n'kukafika ngakhale komwe mitsempha inafooka. N'chifukwa chake madokotala amachizira njirayi zilonda zosapola za kumapazi kwa odwala shuga, komanso anthu okomoka ndi mpweya wa makala, uja wa mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka.

Zoti njirayi imabweza ukalamba ndiye n'zokayikitsa. Kafukufuku wina wa ku Israel wa 2020 pa nkhaniyi anayeza anthu 35 okha, popanda gulu lina lowayerekezera nalo. Bungwe la FDA ku America silinavomereze chithandizochi pa ukalamba.